Chaka cha Zithupsa ku Minda ya Malalanje

Ife a ku Mwanza timakula ndi minga ya manachesi m'manja. Choncho pamene mnzanga wina anandiimbira foni kuti ku Limpopo akufuna anthu othyola malalanje, ndinati iyi ndi ntchito imene ndinaidziwa ndisanayambe kuvala nsapato. Mayi a kunyumba anandiperekeza mpaka pa boma. Sanalire. Anangondikonzera kolala ya malaya n'kunena kuti, "Kumeneko musakasiye kupemphera." Basi inatuluka pa Zobue, inaoloka mlatho wa ku Tete, inadutsa dziko la Zimbabwe, ndipo pofika miyendo inali itatupa.

Minda yake sinali ngati yathu. Mizere ya mitengo inkapita mpaka kumene maso amalekezera. Kwathu timakwera mumtengo n'kumathyola ndi manja, koma kumeneko anatipatsa kasizasi kakang'ono, makwerero achitsulo, ndi thumba la nsalu yokhuthala lokhala ndi lamba wodutsa pakhosi ndi m'khwapa. Thumba likadzaza, lambayo ankapala khungu mpaka kufiira. Madzulo matumba onse ankaunjikidwa mu shedi, ndipo m'mawa munthu ankangotola limene lili pamwamba, lidakali ndi thukuta la mnzake wadzulo. Nyengo yothyola ndi yachisanu, chisanu cholowa m'mafupa. Madzi a pampopi ankaluma, ndipo ambiri tinkangosamba kumaso ndi kumapazi, zina zonse n'kusiyira Loweruka.

M'chipinda chathu mu komboni tinalimo anayi, tonse a boma limodzi. Panali a Matiyasi a kwa Nthache, munthu wamkulu thupi amene kale ankaotcha makala, wolankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya la mtsinje. Panali che Yusufu, Msilamu, mwana wa banja la mashopu pa boma, yekhayo pakati pathu wodziwa bwino Chingerezi ndiponso wa mapepala okwanira. Panali a Zuze a ku Thambani, amene makolo awo anabwera kuthawa nkhondo ku Mozambique, munthu wochepa mawu, akadabwa ankangoti "epa!" Ndiye panali ine. Sindine mbusa, sindinapiteko ku sukulu ya ubusa, koma chifukwa ndinkatsogolera pemphero m'mawa, anzanga ankanditcha Abusa, ndipo dzinali linandimatirira.

Aliyense anali ndi chimene chinamutulutsa kwawo. A Zuze nyumba yawo inagwa ndi mvula, akazi awo ndi ana ankakhala m'kachipinda kwa apongozi, ndipo iwo analumbira kuti sabwerera asanamalize nyengo yothyola. Ine ndinkatumiza za sukulu ya mwana wanga wamkazi. Zaka zimene ndinakhala ndikupita n'kumabwerako zinandidyera ubwana wake: tsiku lina nditafika kunyumba, mwana amene ankandithamangira uja anagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo wa ku mpingo, ndipo mayi ake anali atazolowera kugamula okha za kumunda osafunsa munthu. Koma izo ndi zina.

Lamulo la chipinda chathu linali limodzi: cha mmodzi n'cha tonse. Ndinkalikonda lamuloli, chifukwa linkandikumbutsa okhulupirira oyamba aja amene panalibe wonena kuti ichi n'changa. Sopo anali mmodzi. Thaulo linali limodzi, lopachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo m'chisanu chija silinkauma. Botolo la mafuta odzola linali limodzi, aliyense ankapisamo chala. Mabulangete tinkawasanjikiza n'kugona moyandikana kuti tifunde. Lamlungu m'mawa a Matiyasi ankatimeta tonse pabwalo ndi lezala yoika pa chipeso, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono, lezala yomweyo mpaka itabuntha.

Chithupsa choyamba chinatuluka pakhosi pa a Zuze, pamene lamba wa thumba amakhuza. A Matiyasi anachiyang'ana n'kuti, "Chapsa ichi. Abusa, gwirani mutu." Anachifinya ndi zala zawo za makala zija, a Zuze akukukuta mano, ndipo mafinya anawapukuta ndi thaulo lathu lija, n'kulitsukuluza m'madzi ozizira. Chinapola, koma china chinatuluka m'khwapa. Kenako che Yusufu chinawatuluka pachibwano. A Matiyasi chinawatuluka pamalo okhalira, moti pa ngolo ya thirakitala popita kumunda ankaima chilili, anyamata a ku Zimbabwe akuwaseka kuti akuyang'anira ntchito.

Ku kiliniki tinkaopa. Ena a ife mapepala athu anali atatha, ndipo tinkamva kuti ukapita kumeneko akufunsa pasipoti, kenako apolisi. Ndiye anapita che Yusufu okha, n'kubwera ndi paketi ya makapisozi. Anaiika patebulo monga mmene ankaikira shuga kapena mchere.

"Odwala tilipo atatu," anatero. "Ndingamwe ndekha anzanga akubuula?"

Anawagawa milu itatu. Tonse tinaona kuti ichi ndi chikondi, ndipo ine ndinayamika Mulungu pa mankhwalawo. Aliyense anamwa masiku ochepa, ululu unatsika, ndipo kapisozi wotsala a Matiyasi anamutsegula n'kuwaza ufa wake pabala la a Zuze. Patapita kanthawi zithupsa zinabwerera, zokwiya kuposa kale. Che Yusufu anapitanso, tinagawananso, zinabwereranso.

Ine ndekha sindinatulukepo ngakhale kamodzi. A Matiyasi ankati, "Abusa awa ndi otchingidwa, pemphero ndi mpanda." Ndinkawakaniza, ndikudziwa kuti munthu wolungama uja wa m'Malemba, amene anakhala paphulusa akudzikanda ndi phale, sanachimwe kuposa anzake amene anabwera kudzamuona.

Mawu anayamba kuyenda mu komboni. Ena ankati a Zuze ali ndi magazi oipa. Ena ankati anabwera ndi zakwawo, kuti anthu a kumalire sayenda chabe. Ena ankanong'ona za matenda aja amene anthu satchula dzina. Pamzere wa madzi anthu anayamba kuwasiyira mpata waukulu. Loweruka lina masana, titaweruka, a Matiyasi analankhula.

"Ine sindibisa mawu. Tisanakhale ndi a Zuze m'chipinda muno tinalibe zimenezi. Apeze kwina."

"Kwina kuti?" anafunsa che Yusufu. "Chipinda chiti chiwalandire, komboni yonse ikuwathawa?"

"Kaya. Ine ndinabwera kudzathyola malalanje, osati kudzaola."

Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Pafamupo munthu wopanda pogona mu komboni analibenso ntchito. Kutuluka m'chipinda chathu kunali kukwera basi nyengo ili pakati. A Zuze anali atakhala pa bedi, mkono wakumanja atautukula pang'ono chifukwa cha chotupa cha m'khwapa. Ankangoyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Ndinapempha kuti tidikire. Koma Lolemba a Zuze analephera kukoloweka thumba. Chotupa chinali chitakula ngati dzira la bakha, khungu lozungulira litafiira mpaka pachifuwa, thupi likutentha, iwo akunjenjemera dzuwa lili pamutu. Kapitawo anawayang'ana n'kunena kuti pachipata pali anthu ambiri ofuna thumba limenelo. Apa mantha a mapepala anachepa poyerekeza ndi zimene tinkaona. Ine ndi che Yusufu tinawakweza pa pikiapu ya munthu wina wopita kutauni, ndipo njira yonse ndinkapemphera chamumtima kuti Ambuye atseke maso a ofunsa mapepala.

Ku kiliniki palibe anatifunsa. Nesi wake anali mayi wachikulire wa magalasi. Anawabaya a Zuze jekeseni wochititsa dzanzi, anacheka chotupacho ndi kampeni koyera, anatsuka, anamanga bandeji. Anawayeza shuga, anawayezanso magazi atawafunsa kaye ngati akulola, chifukwa anati zithupsa zobwerezabwereza nthawi zina zimasonyeza kuti thupi lafooka ndi matenda ena. Zonse zinatuluka bwino. A Zuze anapumira m'mwamba n'kuti, "Epa!"

Kenako mayiyo anayang'ana chibwano cha che Yusufu ndipo anawazindikira. Anafunsa, che Yusufu akutimasulira, chifukwa chimene mankhwala amene anawapatsa kawiri konse sanagwire ntchito. Che Yusufu anafotokoza za milu itatu ija, monyadira pang'ono. Mayiyo anavula magalasi, anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatiuza kuti tikhale pansi.

Anati zithupsa zimayamba ndi tizilombo tosaoneka timene timakhala pakhungu, ndipo timalowa pamene khungu lapalika, monga pamene pakhuza lamba kapena pamene padutsa lezala. Mankhwala amene munthu wapatsidwa ndi muyeso wa munthu mmodzi. Ukawadula pakati, tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala, ndipo tikabwerera mankhwala omwewo satimvanso bwino. Anatifunsa za thaulo, za lezala, za mafuta, za zofunda, ndipo pa yankho lililonse ankangopukusa mutu. Anati kufinya kumakankhira mafinya mkati ndi kuwamwaza pakhungu. Chithupsa chaching'ono chimafuna kuthowa ndi kansalu koyera koviika m'madzi ofunda, kangapo patsiku, mpaka chiphulike chokha, ndiye n'kuchiphimba ndi kusamba m'manja ndi sopo. Chikakula, chikatuluka kumaso, kapena thupi likatentha, munthu athamangire kuchipatala.

Ndiye anafunsa ngati m'chipindamo muli wina amene sanadwalepo. Che Yusufu anandiloza. Mayiyo anati munthu akhoza kusunga tizilomboti m'mphuno osadwala, n'kumapatsira anzake pogwira mphuno ndi kugwira zinthu. Sananene kuti ndine, anati sangadziwe ndani, ndipo n'chifukwa chake tonse anayi tiyenera kulandira chithandizo nthawi imodzi. Anatipatsa mankhwala amadzi osambira thupi lonse, ndi kachubu ka mafuta opaka mkati mwa mphuno, aliyense kake, ndi makapisozi a odwala okhawo, aliyense paketi yake. Mayiyo anati a Matiyasi, amene anatsala ku famu, abwere okha adzawaone. Potsanzika anatichenjeza kuti nthawi zina chimodzi chimabwereranso ngakhale munthu atachita zonse, ndipo chikatero tisabise.

Titabwerera ku komboni, a Matiyasi anamva zonsezi atapinda manja. Za m'mphuno zinawaseketsa mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti Abusa, mphuno yanuyo ndi khola? Ife kumati mpanda wa pemphero, kani mukuweta ziweto!" Koma za a Zuze sanasinthe kwenikweni. Anapita ku kiliniki, anabwera ndi paketi yawo, ndipo anaika pangano.

"Tichita zonse zimene anena mayiwo. Koma chikatulukanso china pa munthu aliyense muno tisanamalize kuthyola, ndiye kuti nkhani si ya thaulo. A Zuze anyamuke."

Ndinafuna kutsutsa, koma a Zuze anandigwira mkono. "Zili bwino, Abusa. Ndavomera."

Lamlungu lotsatira sitinametane. Tinapempha mgolo kwa anthu a ku shedi, tinawiritsa madzi, tinachapa mabulangete, mashiti, malaya ndi zamkati, n'kuyanika pa waya mpaka dzuwa litaziumitsa gwa. Thaulo lakale lija tinalitentha. Botolo la mafuta tinataya. Che Yusufu anakhoma misomali inayi pakhoma motalikirana, aliyense thaulo lake, sopo wake m'kachitini kake, lezala yake. Matumba othyolera tinawasoka kansalu ka mtundu wake pa lamba kuti aliyense azitola lake, ndipo pansi pa lamba tinkaika nsalu yoyera yochapa tsiku ndi tsiku. Tinayamba kutenthetsa madzi osamba madzulo aliwonse, ngakhale titatopa chotani. Zikhadabo tinawenga.

Kunena zoona, misomali ija inandiwawa mumtima masiku oyamba. Chipinda chinkaoneka ngati cha anthu okangana. Ndinafunsa Ambuye ngati uku sikunali kubwerera m'mbuyo pa chikondi. Yankho linabwera pang'onopang'ono, ndikuona che Yusufu akusintha bandeji ya a Zuze atasamba m'manja mpaka m'zigongono, ndikuona a Matiyasi akuwaza nkhuni za madzi osamba a anthu anayi. Tinali tikugawanabe, koma tsopano tinkagawana ntchito.

Masabata anapita. Bala la a Zuze linatseka, anabwerera pa makwerero, ndipo ankathyola ngati munthu wothamangitsidwa. Chibwano cha che Yusufu chinasalala. A Matiyasi anayambanso kukhala pansi pa thirakitala. Malalanje oyambirira anatha, tinalowa m'minda ya omalizira, ndipo m'mawa chisanu chinayamba kuchepa. A Zuze anayamba kulankhula za njerwa, za malo amene adzaike khomo.

Ndiye Lachinayi lina, ndikusamba, ndinamva kachinthu kolimba mkati mwa ntchafu. Kanali kofiira, kotentha, kowawa pokhudza. Ndinakadziwa.

Tsiku lotsatira pa nthawi ya chakudya ndinapita ndekha pakati pa mizere, ndinagwada pansi pa mtengo. Malo ake anali obisika. Palibe akanaona. Ndikanatha kuthowa mwakachetechete, kuyenda mowongoka, nyengo n'kutha a Zuze ali pantchito. Koma ndinkagona chipinda chimodzi ndi anthu atatu, zovala zathu zinkachapidwa mu mgolo umodzi, ndipo mayi uja anati tisabise. Ndikabisa, ndinali kuika matupi a anzanga pangozi ndi kukhala m'bodza. Ndikaulula, ndinali kukweza a Zuze basi. Ndinauza Ambuye kuti njira zonse ziwiri zikundilemera. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangomva thirakitala ikubwera, ndipo podzuka ndinadziwa kuti sindingayime m'mawa kutsogolera pemphero ndili ndi chinthu chobisa m'buluku ndi mumtima.

Ndinauza kaye a Zuze okha, tikubwerera ku komboni.

"Nenani, Abusa," anatero. "Mukapanda kunena inu, ndikanena ndine."

Loweruka masana, mgolo uli pamoto, ndinawaitana onse m'chipinda. Ndinati abale, chatuluka, ndipo chatuluka pa ine. Ndinapinda kabudula n'kuwaonetsa.

A Zuze anadzuka, anatsitsa chikwama chawo pamwamba pa khoma, n'kuyamba kupinda bulangete. Ankapinda mosamala, ngodya ndi ngodya. A Matiyasi anali ataima pakhomo, akuyang'ana ntchafu yanga, kenako khosi la a Zuze pamene panali zipsera zouma zokhazokha.

"A Matiyasi," anatero che Yusufu, "ine ndingofunsa. A Zuze awa khungu lawo lili mbee kuyambira mwezi watha. Wodwala lero ndi uyu. Ndiye wopatsira mnzake ndani? Ngati tikuthamangitsa wa chithupsa, tithamangitse Abusa."

"Pangano ndi pangano," anatero a Zuze, osatukula mutu.

"Inu khalani chete, palibe wakufunsani," anatero a Matiyasi. Anakanda chibwano. "Abusa, munachifinya?"

"Ayi."

"Mwachiphimba?"

"Kuyambira Lachinayi. Ndikuthowa, ndikusamba m'manja."

"Nanga bwanji simunangokhala chete? Ndani akanakuvulani buluku?"

Ndinati sindikanatha. A Matiyasi anapuma mwamphamvu ngati ng'ombe. Anatuluka, ndipo tinamva akutsegula chivundikiro cha mgolo. A Zuze anali atamanga kale zingwe za chikwama. Ine ndinkapemphera maso ali otsegula. Patapita kanthawi a Matiyasi analowanso atanyamula beseni la madzi ofunda, manja awo akudontha thovu la sopo, ndipo anapeza a Zuze ataima pakati pa chipinda, chikwama chili paphewa.

"Iwe Zuze, ukutchinga njira. Sukuona ndanyamula madzi a wodwala? Tula chikatunducho, masula bulangetelo ukaliponye mu mgolo. Zonse tichapanso lero. Tikathamangitsa iwe, mawa tithamangitse Abusa, mkuja ine, malalanjewa athyole Yusufu yekha?"

"Ine ndekha sindingathe," anatero che Yusufu. "Makwerero aja ndimawaopa."

A Zuze anaima pomwepo. Kenako anatula chikwama pansi, anagwada, n'kuyamba kumasula mfundo zimene anali atangomanga. Zinali zolimba, ndipo zinawatengera nthawi.

Lolemba che Yusufu anandiperekeza kwa mayi wa magalasi uja. Changa chinali chaching'ono, chinaphulika chokha ndi madzi ofunda, ndipo sichinabale china. A Zuze anathyola mpaka mzere womaliza wa munda womaliza. Pobwerera kwathu anatsika basi pa boma, anakweza katundu wawo pa pikiapu ya ku Thambani, ndipo galimoto itayamba kuyenda anatulutsa mutu n'kukuwa kuti, "A Matiyasi! Denga likakwera mudzabwere, mudzagone kwathu!"

"Ndidzabwera!" anayankha a Matiyasi, msika wonse n'kutembenuka. "Koma ukachape mabulangete!"